Mtedza Umene Unakanidwa pa Geti

Ndikukumbukira Loweruka lina ku Finglas, dera la mumzinda wa Dublin, pamene adadi anasita buluku lawo mpaka mzere wake ukanatha kusenda mbatata. Wokayika akafunse amayi, chala chawo chidakali ndi chipsera. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangofika kumene ndi amayi kuchokera ku Ndirande, ndipo munthu amene ankasita bulukuyo ndinkamudziwira pa chithunzi ndi pa foni basi. Anachoka kwathu ndisanayambe sukulu. Tsopano tinkagona nyumba imodzi, koma tikakumana pa masitepe tinkapatsana moni ngati anthu okumana pamaliro.

Chokhacho chimene tinkatha kukambirana chinali mpira. Adadi, asanakhale wosamalira okalamba kuno ku Dublin, anali goloboyi wa timu ya koleji ya aphunzitsi kwathu. Anagwirapo penate ndi dzanja limodzi, linalo atagwira nzimbe. Ine kunalibe, koma ndikuikira umboni.

Sabata imeneyo anaona chikwangwani pa basi cholengeza kuti matimu awiri a makoleji a ku America akubwera kudzasewera mumzinda muno. Analowa m'nyumba jekete ikudontha mvula, nanena pamaso pa amayi kuti Loweruka ine ndikaonera mpira wa koleji ndi maso anga. Linali lonjezo loyamba kundipatsa tikuyang'anana. A pafoni sindiwerengera, chifukwa pafoni anandilonjezapo njinga ndi galu.

Ba Tembo, Mzambia woyendetsa takisi amene tinkapemphera naye, anayesa kuwachenjeza. “Ba Banda, uja si mpira wanu. Ni wa ku America, bavala visote.” Adadi anayankha kuti mpira ndi mpira, ndipo wophunzira ndi wophunzira kulikonse pansi pano: amanunkha nyemba, ali ndi sopo mmodzi wochapira ndi wosambira, ndipo palibe munthu wamutu wabwino amene angalipiritse anzake kuti aone mwana wasukulu akuthamanga. Ba Tembo anati apita nafe, osati kukaonera mpira koma kukaonera adadi.

Amayi anatiphikira mtedza wamakoko umene anaupeza m'kashopu ka zakudya za kwathu, nauthira mchere wambiri, n'kuumanga m'kathumba udakali wotentha. Tinatenganso fulasiki ya tiyi ndi chitenje choyala pa udzu kuseri kwa golo, kuti adadi azikamulangiza goloboyi ali pafupi.

Titatsika basi tinapeza kuti Dublin wabwereketsedwa. Mbendera zachilendo paliponse, fungo la anyezi wokazinga, ndi anthu matupi akuluakulu moti mmodzi atakwera basi, basiyo inagwada. Bandi ya ophunzira inadutsa, yochuluka kuposa mpingo wathu pa Khirisimasi, ndi malipenga oti mwana angagonemo. Ndinaona ndi maso angawa nkhunda ikulowa m'lipenga limodzi, ndipo mpaka lero sinatuluke. Chilichonse chinali pamalonda: zipewa, masikafu, ngakhale chala chachikulu cha siponji cholozera kumwamba. Ndinazindikira kuti adadi ayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Pawindo la sitediyamu anatiuza kuti matikiti anatha kalekale, ambiri anagulitsidwa pamodzi ndi ndege ndi hotela. Bambo wina wa jekete yachikopa anatiyandikira n'kunong'oneza mtengo wa matikiti ake. Adadi anamufunsa mwaulemu wonse ngati pamtengo umenewo, mpira ukatha, titenga wophunzira mmodzi kupita naye kunyumba. Ba Tembo anaseka mpaka kutsamira mpanda.

Apa adadi anandikokera pambali n'kundiphunzitsa lamulo lakale. Kwathu, timu ya koleji ikamasewera pa bwalo la mpanda, ana ankadikira pamsewu pamene lole inkatsitsira osewera. Mwana aliyense ankasankha wosewera wake, kumulandira jombo, n'kuzikoleka m'khosi ndi zingwe zake. Wa pageti akaona jombo m'khosi ankangoti ndi wa timu uyu, adutse. Wosewera wokaniza mwana jombo ankasekedwa mpaka kumaliza maphunziro. Adadi analowa choncho ali mwana, ndipo atakhala goloboyi analowetsa ana ambirimbiri, ena lero ndi mahedimasitala.

“Usapemphe,” anatero akundikonza kolala. “Upereke moni ndi manja awiri, kenako ulandire katundu, monga umachitira amalume akafika. Ine ndi Ba Tembo tikudikira panja. Lonjezo linali lako.”

Lole sinabwere. Kunabwera mabasi a magalasi akuda, apolisi a njinga zamoto patsogolo, ngati maliro a nduna. Osewera anatsika atavala masuti, zomvera nyimbo m'makutu, akuyenda pakati pa zitsulo zotchingira anthu. Adadi anati ndisankhe wooneka wanjala. Panalibe. Ndinasankha mnyamata wina wakuda, wamtali moti mvula inkayamba yamunyowetsa iye kaye, ife n'kudzatipeza pambuyo pake. Ndinakwawira pansi pa chitsulo, ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kugwira chikwama chake. Chikwamacho sichinabwere kwa ine. Ine ndi amene ndinapita, ndikulendewera ngati nyama pa mbedza ya m'butchala.

Atamva kulemera pang'ono anaima, nachotsa zam'makutu zija n'kundiyang'ana. Adadi, ali kuseri kwa chitsulo, anamufotokozera mwambo wonse m'Chingerezi chawo cha kutchalitchi. Mnyamatayo anamvetsa, ndinaona nkhope yake ikufewa. Pafupi chonchi anali mwana ndithu, ziphuphu pamphumi, tindevu tongoyamba kumene. Anayamba kutsitsa chikwamacho paphewa.

Pomwepo anafika bambo wina wovala makadi ambiri m'khosi moti akanatha kusewera juga yekha. Anati chikwamacho si cha mnyamatayo, ndi cha kampani imene yalembapo dzina lake, jombo chimodzimodzi, ndipo munthu wopanda khadi saloledwa kuzikhudza. Mnyamatayo anandipepesa. Anati tikiti yondipatsa alibe, ndipo ngakhale mayi ake omubereka akuonera pa TV kwawo chifukwa ulendo unawakanika.

Adadi atamva za mayi akewo sanaganizenso kawiri. Anamasula kathumba kaja, natapa mtedza dzanja lodzaza, n'kulitambasula pamwamba pa chitsulo. “Tenga mwanawe, ukadye pa hafutaimu.” Mnyamatayo anatambasula lake, chikhatho ngati lichero. Wamakadi uja anamugwira mkono. Anati wophunzira saloledwa kulandira mphatso kwa ochemerera. Akalandira ndiye kuti walipidwa, ndipo mpira wa koleji ukhala wadetsedwa ndi ndalama.

Ndikulumbira, mawu amenewa anawalankhula ataima pansi pa chikwangwani cha malonda chachikulu kuposa nyumba yathu ya ku Finglas, kuphatikiza ya aneba. Kochi anali atangodutsa kumene, wotchi yake ikuwala moti Ba Tembo anaphimba maso. Wa hotela anadya tsiku limenelo, wa ndege anadya, wa TV anadya, wa jekete yachikopa anadya, ngakhale wogulitsa chala cha siponji anadya. Munthu mmodzi yekha mumzinda wonse amene sankaloledwa kudya anali mwana amene ankapita kukathyoledwa nthiti kuti onsewa akhute. Ndipo chimene chikanagwetsa zonsezi chinali mtedza wa amayi.

Adadi Chingerezi chinawathera, anabwerera ku Chichewa. “Mwagulitsa mpando, mwagulitsa udzu, mwagulitsa ndi chifuwa cha mwanayu polembapo dzina lanu. Koma chodetsa mpira ndi mtedza wangawu?” Wamakadi sanamve kanthu, anangondinyamula m'khwapa n'kundibwezera kuseri kwa chitsulo. Ba Tembo anamva, ndipo sanasekenso tsiku limenelo. Mtedza wina unagwera pansi, nkhunda zinatola popanda khadi.

Tinakayala chitenje chija pakhoma lonyowa kuseri kwa sitediyamu n'kumaonera ndi makutu. Kunkamveka chiphokoso, kenako zii kwa nthawi yaitali. Mlonda wina wachifundo anatiuza kuti amaimitsa masewera kuti a TV aonetse malonda, osewera n'kumangoima m'bwalo kudikira kuti sopo ndi magalimoto zithe kugulitsidwa. Adadi anati kwathu mpira unkaima pa zifukwa zomveka, mbuzi ikalowa m'bwalo kapena mpirawo ukaphulika. Masewera a ola limodzi anatenga nthawi yaitali moti pochoka nsapato zinali zitayamba kundithina. Ndinakula pakhoma pomwepo.

M'basi yobwerera mzere wa buluku la adadi unali utafafanizika ndi chinyezi. Titayandikira kwathu anangoti, “Ndakunamiza, Dalitso.” Ndinawasendera mtedza wozizira, n'kumawaikira m'dzanja umodziumodzi, iwo akuyang'ana pawindo.

M'mawa mwake, titaweruka kutchalitchi, Amalawi ndi Azambia anali ndi mpira wawo wa masiku onse pa paki ina ku Blanchardstown, magolo a majekete. Pakiyo ilibe mpanda, munthu akhoza kulowera kulikonse. Koma titatsika takisi, adadi anatulutsa jombo zawo zakale za ku koleji, zouma ngati chikopa cha ng'oma, nazikoleka m'khosi mwanga. Ba Tembo anathamangira patsogolo, naima pakati pa mitengo iwiri, manja atapinda, nkhope ya wa pageti weniweni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Apite, ni wa timu uyu.” Jombozo zinkanunkha moti udzu umene ndinadutsapo sunamerenso. Adadi anagoletsedwa zigoli zambiri tsiku limenelo, zonse za ofusaidi.

Masiku ano akuti zinthu zakonzedwa. Wophunzira tsopano amaloledwa kulipidwa, ndipo pa chimenecho sindidandaula, mwana wothyoka nthiti adye ndithu. Koma onani mmene akonzera. M'malo mochepetsa akuba, angotsegula msika wa ana. Mnyamata amayamba chaka ali pa koleji ino, akamva kuti uko kwakwera mtengo wasamuka, chaka chinacho wasamukanso, ngati minibasi yosintha msewu ikaona anthu. Ndinamva za wina amene anasintha koleji pa hafutaimu, n'kugoletsa mbali zonse ziwiri. Makoleji okhala ndi matumba akuluakulu amagula osewera onse abwino, ang'onoang'ono amangowalerera. Za kalasi palibe amene amafunsa. Tikiti nayo yakwera mpaka yafika pamene mvula inkayambira kumunyowetsa mnyamata uja.

Matimuwo amabwerabe ku Dublin, ndipo tsopano ine ndimalowa. Ndimagwira ganyu yolondera m'sitediyamu momwemo, nditavala jekete yachikasu ndi khadi m'khosi. Ntchito yanga ndi kuima m'mphepete mwa bwalo, msana ku mpira, maso kwa anthu, ndipo kucheuka n'koletsedwa. Choncho mpira wa koleji sindinauonebe, koma ndimadziwa bwino mmene umamvekera kumbuyo kwa mutu.

Adadi, amene mawondo anawaletsa kale za pagolo, amandipatsabe kathumba ka mtedza m'mawa wa tsikulo, kuti ndikampatse wophunzira aliyense popeza lamulo linasintha. Ulendo wathawu ndinayesadi. Ndinatambasula dzanja kwa mnyamata wina pamene ankatsika basi, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti nkhani za mphatso ndi malonda ndilankhule ndi ejenti wake.

Ndinabwera nawo kunyumba mtedzawo. Adadi anafunsa ngati mwina panali mwana aliyense pamsewu wodikira jombo. Ndinawauza zoona, kuti zitsulo zija anaziwonjezera zina m'munsi, ndipo ngakhale mphaka sangakwawirepo. Anagwedeza mutu, natenga kathumbako n'kukaika mufiriji. Anati tisadye, chaka chamawa mwina kubwera wanjala.