Tsiku Limene Mtsogoleri Sanafike ku Phalombe

Fayilo ya aphunzitsi athu inali ya katoni yabuluu, yotha m'makona, yomangidwa ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Dzinja lija inkayenda m'majumbo awiri kuopa mvula, ndipo akaimasula m'kalasi munkamveka fungo la mapepala a pa makina okopera. Ine ndinali mu Sitandade 7, kamtsikana kodzimva kuti Chizungu chonse cha m'Phalombe chili m'mutu mwake. Fayilo imeneyo ndinkaisirira kuposa nsapato zatsopano.

Aphunzitsiwo sanali akwathu. Anachokera kuchigawo chapakati, ndipo pambali potiphunzitsa ankachitanso maphunziro awoawo a mbiri yakale. Akapeza mpata ankakwera minibasi kupita ku Zomba, ku nyumba yosungira mapepala akale a boma, kukafufuza zimene mtsogoleri wa dziko wa nthawi ya chipani chimodzi ankachita tsiku ndi tsiku. Ankati kumeneko kuli mabuku olembamo kuti lero bwana apita kuti, aonana ndi yani, anyamuka nthawi yanji. Masamba ena ankakopera n'kubwera nawo. Ife tinkaseka chamumtima kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake akuvutikira ulendo wonsewo kuti akangodziwa ngati mnzake anadya kadzutsa.

Tsiku lina anatipatsa ntchito yoti aliyense akafunse kwawo za masiku amene mtsogoleriyo ankayendera mbewu m'minda ya kuno. Anzanga anabwera ndi nkhani za magule, za mbendera zomangidwa m'mitengo, za minda ya m'mphepete mwa msewu imene inkapaliridwa kawirikawiri kuti ioneke bwino. Ine ndinafunsa amayi akusenda chinangwa pakhonde, ndipo mpeni unaima m'manja mwawo.

Ndinkadziwa mwapatalipatali kuti ndisanabadwe amayi anali ndi mwana wamwamuna, woyamba, amene anamwalira akuyamwa. Tsiku limenelo anandifotokozera zonse, osandiyang'ana n'komwe. Mwanayo anadzuka thupi lili moto, akukana bere. Amayi anali atam'bereka kale kuti athamangire naye kuchipatala pamene lole ya chipani inaima pamsewu kudzatenga azimayi okavina, poti mtsogoleri ankayembekezeka ku Phalombe tsiku lomwelo. Amene anagwira pepala la maina n'kumachonga okwera anali amalume, mlongo wawo wa amayi wa bere limodzi, amene nthawi imeneyo anali kalaliki pa ofesi ya boma. Amayi anachonderera. Amalume anati, "Chemwali, kwerani. Dzina lanu likapanda kuchongedwa, mawa tonse tikayankha kupolisi. Bwana akangodutsa tibwerako." Mwana wodwala sakanaloledwa pamaso pa alendo, choncho anamusiya ndi mayi wa nyumba yoyandikana.

Anavina moyeserera m'mawa wonse. Anakhala padzuwa, kenako pamvula, nsalu zitamatirira m'thupi. Mtsogoleri sanafike. Chakumadzulo mkulu wina wa chipani anakwera patebulo n'kulengeza kuti bwana agwidwa ndi ntchito yaikulu ya dziko, yosati n'kuisiya. Lole inawatula dzuwa litapendeka, ndipo amayi anamva kulira kwa maliro asanachoke n'komwe pamsewu.

Amayi anawakhululukira kalekale amalume, poti nawonso ankangotumidwa. Chimene chinawatsalira mumtima chinali ntchito yaikulu ya dziko ija. Tsopano ndikuona kuti mawu amenewo ndi amene ankawagwiriziza zaka zonsezo: ngati kunali chinthu chachikulu ndithu, mwina nkhondo yoti iletsedwe kapena njala yoti ikambidwe, ndiye kuti mwana wawo sanangopita chabe.

"Ukawauze aphunzitsi akowo," anatero, "akandionere kuti ntchitoyo inali yanji."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khadi la kusikelo la mwanayo, lachikasu ndi ukalamba, pamene bambo analembapo ndi pensulo tsiku limene anamwalira. Nditapita nalo kusukulu, aphunzitsi analilandira ndi manja awiri, n'kunena kuti pakatha masabata atatu apempha masiku kwa ahedi apite ku Zomba.

Masabata atatu amenewo sindidzawaiwala. Bambo anali kuntchito ku minda ya tiyi, ndipo panyumba tinali awiri, ine ndi amayi. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, mvula ikugwa masana aliwonse, phiri likuoneka m'mawa pokha kenako n'kubisala m'mitambo. Amayi anasiya kuimba potsuka mbale. Ankapita kumunda ngakhale kunalibe chopalira, n'kubwerako miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Akamva minibasi ikulira pamsewu ankadzutsa mutu, ngakhale ankadziwa kuti aphunzitsi sananyamuke n'komwe.

Amene anakauza amalume ndine, ndi pakamwa panga posatseka. Iwo anali atapuma ntchito, akulima chinangwa ku Chiringa, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Kwa ife anali mwinimbumba. Mwana wa amayi akadwala, akalakwa kapena akafuna kukwatiwa, nkhani inkathera kwa iwo. Ankandikonda, ndipo nanenso ndinkawakonda kwambiri. Ndinawauza monyadira kuti nkhani ya pabanja pathu ikukafufuzidwa ku Zomba, ndikuyembekeza kuti aseka n'kundigwira pamutu monga mwa masiku onse. Sanaseke.

Munthu amene ankabwera kamodzi pamwezi anayamba kubwera katatu pasabata, akupalasa njinga m'matope mtunda wonsewo. Lero abwera ndi matemba, mkucha ndi nandolo. Ankakhala pampando pakhonde, chipewa pabondo, n'kumazungulira nkhani mpaka afike pomwepo. "Mapepala a boma sasewera nawo, chemwali." Kapena, "Mwana uja anagona, musamudzutse." Amayi ankayankha mosakweza mawu: "Achimwene, boma lija linatha. Mukuopa chiyani?" Iwo ankangoyang'ana kuphiri. Tsiku lina ndinawaona pazenera la kalasi ataima ndi aphunzitsi pansi pa mtengo wa mango, akulankhula nthawi yaitali, aphunzitsi akungomwetulira n'kumapukusa mutu.

Ine ndinkati ndi mantha a anthu akale basi. M'mudzi mwathu munali ambiri amene ankatsitsabe mawu akamatchula mtsogoleri uja, n'kuyamba ayang'ana kaye kumbuyo, ngakhale zaka zinali zitapita. Ndinkawaseka. Munthu amene sunaonepo mnzako akutengedwa pa galimoto osabwereranso, kuseka mantha a ena sikuvuta.

Lachisanu lina amalume anandipeza panjira pochokera kusukulu n'kundikweza pakaliyala. Titayenda pang'ono anafunsa osatembenuka: "Aphunzitsi akowo amakopera mabuku a kunyumba ya mtsogoleri okha, kapena ndi makalata a m'maofesi omwe?"

"Zonse, amalume! Chilichonse chimene achipeza!"

Sindinkadziwa n'komwe ngati zinali zoona, ndinangofuna kuwatamanda aphunzitsi anga. Njira yonse yotsala ndinkangomva tcheni likulira ndi kupuma kwawo. Malaya awo anali atanyowa pamsana ngakhale kunja kunali kozizira.

Aphunzitsi anabwera kunyumba Loweruka masana, atabwerako ku Zomba dzulo lake. Amalume anali atafika kale m'mawa, ngati kuti wina anawatumira uthenga. Amayi anayala mphasa, anavala mpango wa kutchalitchi, n'kukhala miyendo yotambasula. Mitambo inali itadetsa kale kuphiri, ndipo nkhuku zinayamba kuthawira pakhonde.

Aphunzitsi anatulutsa masamba atatu. Anayamba kutionetsa masiku oyandikana ndi tsiku lija, kuti tione mmene bukulo linkalembedwera. Masamba amenewo anali odzaza, nthawi zitandandalikidwa kumanzere, ntchito kumanja, mpaka pansi. Kenako anaika khadi la kusikelo pambali pa tsamba lachitatu, kuti amayi aone okha kuti tsiku ndi lomwelo. Patsambalo panali mizere iwiri yokha. Anaimasulira pang'onopang'ono: mtsogoleri ali kunyumba, akupumula, ndipo palibe alendo.

"Basi?" anafunsa amayi.

"Basi, mayi."

"Kapena anadwala?"

"Sanalembe choncho. Mawa lake anagwira ntchito bwinobwino."

Amayi anagwedeza mutu n'kuyamba kusalaza chitenje pamiyendo, kusalaza, kusalaza, pamalo pamene panalibe khwinya. Sanalire. Ndinamva amalume akutulutsa mpweya wautali. Anadzuka n'kutenga chipewa. "Mwamva nokha, chemwali. Zatha tsopano." Mvula inali itayamba kudontha pamalata.

Zikanathera pamenepo. Koma aphunzitsi anali munthu wa mtima wabwino, ndipo zinawawawa kuti abweretsera mayi wofedwa tsamba lopanda kanthu. Anapapasa m'fayilo n'kunena kuti pali kapepala kena, ka m'makalata a ofesi ya kuno, kamene anakakopera mothamanga nthawi yotseka itakwana, ndipo mwina kangafotokoze chifukwa chake bwana sanabwere. Iwo maso awo ankathera pa munthu wamkuluyo, maina a makalaliki a m'munsi mwa pepala sankawawerenga n'komwe. Ndiponso dzina limene amayi ankadziwika nalo kusukulu linali la bambo, osati la kwawo limene amalume ankadziwika nalo. Anandipatsa kapepalako. "Mwana wanuyu ndi katswiri pa Chizungu, mayi. Werenga iwe, uwamasulire amayi ako."

Ndinaimirira, mapazi pamodzi ngati m'kalasi, mtima ukugunda ndi chisangalalo. Unali uthenga waufupi wotayipa. Ndinawerenga mzere uliwonse m'Chizungu mokweza kuti upose mvula, kenako n'kumasulira. Ulendo wa mtsogoleri wopita ku Phalombe waimitsidwa mpaka tsiku lina. Onse okhudzidwa adziwitsidwe. Pansi pake panali chidindo cha ofesi yathu, chofufutika pang'ono, ndi mawu olembedwa pamanja osonyeza kuti uthengawo walandiridwa. Panali tsiku, ndipo pambali pa tsikulo panali dzina, lolembedwa bwino ndi zilembo zazikulu.

"Amalume! Dzina lanu ili apa! Amene munalandira ndinu!"

Ndinathamanga kukawaonetsa, chala chili padzinapo. Ndikukumbuka kuti ndinkaseka. Iwo sanayang'ane papepalapo. Anangokhalanso pampando.

"Werenganso tsiku la pachidindopo," anatero amayi.

Ndinawerenga. Aphunzitsi anayang'ana pakhadi, anayang'ana kwa amalume, ndipo nkhope yawo inagwa. Amayi anatukula dzanja n'kupinda chala chimodzi, kenako chachiwiri. Uthengawo unafika pa ofesi kutatsala masiku awiri kuti lole idzaime pamsewu.

Amalume ndi amene anayamba kulankhula. Anati akuluakulu anawaletsa kunena. Anati anagwirizana kuti anthu asonkhanitsidwebe, poti nanga bwana akasintha maganizo n'kutulukira, apeze bwalo lili mbee, akanapulumuka ndani? Anati iwo anali kalaliki wamng'ono chabe, wa ana awiri, ndipo mnzawo wa pa ofesi yomweyo anali atatengedwa chaka chomwecho chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyo.

Amayi anayankha m'Chilomwe, chimene ankalankhula ndi amalume pokhapokha nkhani ikakhala yosati ana amve. Ine Chilomwe ndinkachimva chapamwamba, ndipo mvula inali itakula, choncho ndinangotolapo mawu awiri atatu. Analankhula nthawi yaitali, osakweza mawu, osaloza chala. Pomaliza anabwerera ku Chichewa, mwina kuti aphunzitsi amve nawo.

"Ena onse mukanawakweza, achimwene. Ine mukanangochonga dzina."

Amalume anatuluka pamvula n'kuyamba kukankha njinga, osaikwera, mpaka anabisika kuseri kwa chimanga. Aphunzitsi anapepesa katatu, amayi n'kuwauza kuti palibe chimene alakwa. Aphunzitsi atanyamuka, amayi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko masanasana, ine n'kutsala pakhonde ndi nkhuku.

Pabwalo pathu amalume sanapondeponso. Zaka zambiri ndakhala ndikuizunguza nkhaniyi m'mutu, tsiku lina ndimawaweruza, tsiku lina ndimadzifunsa ngati ine, cholembera chili m'manja ndipo anthu a chipani ataima kumbuyo kwanga, ndikanalimba mtima kuchonga dzina la munthu amene sanakwere. Sindinapeze yankho londigonetsa tulo. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anatumiza aphunzitsi ku Zomba kukafuna chifukwa chowatonthoza, ndipo pa tsiku limodzi anataya chifukwacho, n'kutayanso mlongo wawo, kudzera pakamwa pa mwana wawo yemwe.

Koma zimenezi ndi nzeru za lero. Lolemba lotsatira ndinawatsatira aphunzitsi pa nthawi yopuma n'kuwafunsa kuti ndi liwu liti limene ndinamasulira molakwika, poti ndinali wotsimikiza kuti amayi akwiya chifukwa ndalakwitsa Chizungu pamaso pa mlendo. Anandiuza kuti sindinalakwitse liwu ndi limodzi lomwe. Ndinabwerera padesiki yanga nditatupa ndi mkwiyo. Ndinali nditawerenga zonse molondola, ndinali nditapeza dzina la munthu wa kwathu m'mapepala a boma, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti wakhoza.