Kalasi ya M'khola la Nkhosa

Anabwera Lachiwiri m'mawa, ndikuthyola tomato. Kapitawo anandikodola n'kunena kuti akundifuna kugeti. Ndinapezako asilikali awiri. Anandimanga manja ndi kachingwe ka pulasitiki, kumaso n'kundikulunga nsalu.

Kwathu ndi ku Kabudula. Ndinaphunzira zauphunzitsi, koma nditadikira ntchito zaka zitatu osaitanidwa, ndinalembetsa nawo zokalima ku Israeli. Famu yathu inayandikana ndi mudzi wa Apalestina. Bambo wina wa m'mudzimo, amene tinkagwira naye ntchito, anandiuza m'Chingerezi chodukaduka kuti sukulu yawo inatsekedwa nkhondo itayamba, poti aphunzitsi sankaloledwa kudutsa pachipata cha asilikali.

"Mwana wanga wamkazi wayamba kuiwala kuwerenga," anatero.

Ndinayamba kupitako Loweruka lililonse. Tinasesa khola la nkhosa, ana n'kumakhala pamasaka. Ndinkaphunzitsa masamu ndi Chingerezi basi.

Kumene asilikali aja ananditengera, wondifunsa mafunso anali mkulu wa imvi, wolankhula mosakweza mawu. Patebulo anayala makope a ana aja.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, bwana."

"Manambala awa ndi a chiyani?"

"Ndi masamu ochulukitsa."

Ndinamuuza zimene tinaphunzira kukoleji, kuti mayiko anagwirizana kuti ngakhale pankhondo mwana asalandidwe sukulu.

"Zimenezo ndazimvapo," anatero. "Koma iwe unabwerera tomato."

Ankafuna mayina a makolo onse. Ndinati sindiwadziwa. Tsiku lachitatu anandiimika kukhoma kuyambira m'mawa, manja ali m'mwamba. Za tsiku lachinayi sindilemba zambiri. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Tsiku lachisanu ndinatchula dzina limodzi: la bambo uja.

Ndinakhala m'chitokosi masabata atatu. Kenaka anandiwerengera pepala lakuti ndinaphwanya malamulo a chilolezo changa pochoka pafamu, ndipo anandikweza ndege.

Ndinatsika minibasi pa Nsaru masana, mvula ikuwaza. Amayi anandichingamira. Anandigwira nkhope n'kufunsa, "Kodi amakupatsani chakudya, eti?" Ndinati eya. Sanafunsenso china.

Pano ndimaphunzitsa mongodzipereka pasukulu ya kufupi ndi kwathu. Palibe chipata, palibe wofunsa chiphaso. Ndimatha kupita ku Kasiya kapena ku Nambuma osauza munthu, ndipo anzanga amati ndithokoze kuti ndinabwerako wamoyo. Ndimathokozadi.

Koma ine anandimasula chifukwa ndinali ndi kwathu kondibweza. Bambo uja kwawo n'komweko. Ndinamuimbirapo foni kangapo. Nambala yake sipezeka. Sindidziwa ngati asilikali anapita kukamutenga, sindidziwanso ngati mwana wake akuwerenga. Ndikamaitana mayina m'kalasi, ana amayankha mokuwa kuti alipo. Dzina limene ndinatchula tsiku lachisanu lija lilibe wondiyankha.