Maso a Kwawo kwa Mkazi Wanga

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, anabadwa tili ku Mkanda komwe ndinkakhala chikamwini, zipani zitangochuluka kumene. Anali ndi maso aakulu moti mudzi wonse unkabwera kudzawaona. Apongozi anga aakazi ndiwo ankanyada koposa: "Maso a kwathu awa. Kwa akamwini kulibe otere."

Ine ndinkaona zina. Akatuluka naye padzuwa, mwanayo ankabisa nkhope m'nsalu ya amake, misozi ili chuchuchu koma osalira. Ankati ndi fumbi la fodya wa m'chigafa. Anamuthira mkaka wa m'mawere m'maso, osasintha. Tsiku lina ndinaona diso lakumanzere litachita mtambo ngati galasi lopumirapo mpweya. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinabalalika. Mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni, koma ine ndinakweza.

Ndinanyamula mayi ndi mwana pa njinga mpaka ku chipatala cha ku Boma, komwe anatitumiza ku Lilongwe. Apongozi anatilondola, ati akaone ndikuchita manyazi.

Dokotala wa maso anati ndi gulokoma: madzi a m'diso sakutuluka, n'chifukwa chake diso likukula, ndipo tikachedwa mwana achita khungu. Koma anati matendawa ali mitundumitundu. Ena mwana amabadwa nawo, ena amabwera diso likavulala kapena likathiridwa mankhwala olakwika, ena amayamba mwana atasinkhuka. Obadwa nawo samva mankhwala odontheza m'maso okha, amafuna opaleshoni msanga.

"Ndiye maso aakuluwa munayamba kuwaona liti?" anafunsa dokotalayo.

Mkazi wanga anangozyolika. Ine ndikanayankha chiyani? Mwamuna salowa m'chikuta, mwanayo ndinamuona atatuluka kale.

"Anabadwa nawo!" anatero apongozi, chifuwa patsogolo. "Ndinamulandira ndine. Ngati mlongo wanga ndendende."

"Mlongo wanuyo amaona?"

Apongozi ananena chapansipansi: "Anachita khungu ali mnyamata."

"Mwatithandiza, amayi. Ndi wobadwa nawo ameneyu."

Anamuchita opaleshoni sabata yomweyo. Titabwerera, ndinamutulutsa dala masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa mudzi. Anatsinzinira pang'ono, kenaka anayang'ana nkhuku n'kuseka. Ndinazungulira naye nyumba ndi nyumba, ngakhale za amene sindinkayankhulana nawo.

Diso lakumanzere limaona mwachimbuuzi, koma lakumanja ndi lakuthwa. Lero amasoka zovala pa khonde la sitolo ku Boma, ndipo ulusi amalowetsa yekha pa singano.

Apongozi mpaka imfa yawo ankauza anthu kuti mwanayo anamupulumutsa ndi iwo. Chabwino. Nanga njinga anapalasa ndani?