Nyama Yobisa Pansi pa Nkhwani

Tsiku limene anthu anamwazikana pamaliro, Luwiza anakhala kuseri kwa nyumba n'kumatsuka bakuli. Linali bakuli lomwe ankanyamuliramo chakudya cha mwamuna wake, Dickson, kuchipatala. Analitsuka ndi sopo, analikwecha ndi phulusa, kenako ndi mchenga, koma fungo la mafuta a nkhumba ankalimvabe. Ankalira mosatulutsa mawu, pakuti chimene chinkamuliza sakanauza munthu.

Inu amene mumadzuka tsiku lililonse mukudziimba mlandu pa zimene zinachitika kale, khalani pansi ndikuuzeni za mayi ameneyu.

Luwiza anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mavwere. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo onse awiri anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anakula akusoka fodya m'zigafa za anthu, ndiwo zake bonongwe wa mchere wokhawokha, wopanda tomato, wopanda ngakhale dontho la mafuta. Nyama ankaiona pa Khirisimasi, nayonso kanthuli kamodzi. Analumbira mumtima kuti akadzakhala pabanja pake, masamba adzakhala chakudya cha mbuzi.

Atakwatiwa ndi Dickson, lumbiro lija linatheka. Dickson anali wa ku Mavwere komweko, ndipo atasiya ntchito ya pa esiteti anatsegula chiwaya pamsika, n'kumakazinga nyama ya nkhumba ndi ya mbuzi. Yotsala inkabwera kunyumba tsiku ndi tsiku. Mwamuna ananenepa mpaka khosi linapindika, anthu n'kumatama mkazi kuti amadziwa kusamala. Paja kwathu kuno mimba ikatuluka timati munthu wapeza bwino, ndipo mlendo ukamupatsa nkhwani amakauza anthu kuti kumene anapita kuja sanadyeko.

M'mawa wina Dickson akumangirira mbuzi yaikazi imene anagula kuti aphe, anangoti khu! pansi. Mbuzi inathawa ndi chingwe chake. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka, ndipo anthu anathamangira naye kuchipatala cha kuboma.

Kumeneko kunali namwino wina wochokera ku Rumphi, dzina lake Tiwonge. Anamuitanira Luwiza pambali.

"Mayi, bipi ya bambowa yakwera kwambiri, ndiyo yawagwetsa ndi sitiroko. Mankhwala tikuwapatsa, koma nanunso mutithandize. Nyama yonona, mafuta ambiri ndi mchere, ziyambe zaima. Muziwabweretsera masamba, nyemba ndi zipatso."

Luwiza anavomera ndi mutu, mtima ukukana. Munthu wodwala n'kumamudyetsa masamba? Kumene iye anakulira, wodwala amamuphera nkhuku, ndipo banja likapanda kutero ndiye kuti lamutaya. Komabe masiku awiri oyamba anamvera.

Tsiku lachitatu Dickson anayang'ana m'bakuli muja, n'kuyang'ana mkazi wake. Mawu ankatuluka movutikira.

"Mayi a Thandi, mwanditaya? Mwaona kuti ndatha ntchito?"

Mawu amenewo anamulasa. M'mawa mwake anakazinga nyama ya nkhumba yonona, anaiduladula tizidutswa, anaithira mchere monga mwini wake ankakondera, n'kuiyala pansi pa bakuli. Pamwamba anaphimba ndi nkhwani. Namwino uja atatsegula chivundikiro anamwetulira. "Mwachita bwino, mayi. Pitirizani choncho."

Anapitirizadi, masiku khumi ndi awiri. Dickson ankadya akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, Luwiza n'kumaona ngati akuchira. Tsiku limene ankayembekezera kuti atulutsidwa, sitiroko yachiwiri inabwera, ndipo sanadzukenso.

Ndicho chifukwa chake bakuli lija silinkayera.

Patapita masiku anayi maliro atatha, mbuzi yothawa ija inatulukira pabwalo, chingwe chili m'khosi. Inali yochenjera: inadikira kuti miphika ya pamaliro itsukidwe kaye. Luwiza anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanathe kuitana munthu woti aiphe.

Miyezi itatu itadutsa, nayenso mutu unayamba kumuwawa kunkhongo. Tsiku lina akupalira mtedza anachita chizungulire mpaka anakhala pamzere. Anapita kuchipatala ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Thandiwe, ndipo anakumana ndi namwino yemwe uja. Tiwonge anamuyeza kawiri, nkhope itasintha.

"Mayi, matenda a malemu aja nanunso muli nawo. Mwana wakhala panjayo ndi wanu? Ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," anayankha Luwiza. Ndi msinkhu womwe iye anasiyidwa wamasiye.

Pamenepo anaulula zonse za bakuli lija, misozi ili chuchuchu. Namwino anamuyankha mosabisa.

"Sindingakunamizeni kuti munachita bwino. Komanso sindinganene kuti ndi nyama ya masiku amenewo yokha imene inawatenga, matendawa anayamba kalekale. Madzi akatayika saoleka, mayi. Koma mwana uyo watsala ndi kholo limodzi, ndipo kholo lake ndi inu."

Namwino ananena zochepetsa nyama, koma Luwiza anasankha kuisiyiratu. Ankadzidziwa yekha kuti akalawa kanthuli kamodzi sasiya. Mapiritsi ankamwa m'mawa uliwonse osadumphitsa, ndipo mchere ankathira wa pansonga pa zala.

Musaganize kuti zinali zophweka. Akamadutsa pamsika fungo la chiwaya linkamutsata mpaka kunyumba, ndipo masiku ena ankazungulira njira ya kudambo kuti asalimve. Pachitsime amayi anzake ankanong'onezana mokweza dala kuti umasiye wamubwezera ku bonongwe. Zinkamupweteka kwambiri, chifukwa mbale ya masamba inkamukumbutsa chigafa, njala ndi manda a makolo ake.

Dimba loyamba linauma ndi dzuwa. Lachiwiri linadyedwa ndi mbuzi yomwe ija, yosayamika. Luwiza analira, kenako anaimangira khola, n'kuyamba kuwola manyowa ake kukathira kudimba. Lachitatu linabiriwira mpaka odutsa ankaima.

Pang'onopang'ono anazindikira chinthu chimene sanachiganizepo. Chimene chinkawawa pa esiteti paja si masamba ayi, unali umphawi. Nkhwani yemweyo akamutendera ndi nsinjiro za mtedza wolima yekha, n'kuikamo tomato ndi anyezi, Thandiwe ankapempha wina. Anaphunzira kuphika chipere, khobwe ndi soya mosinthasintha. Nthawi ya dzinja ankazula bowa, n'kufutsa masamba ambiri kuti chilimwe chisamupeze chimanjamanja. Chaka chitatha mutu unasiya kuwawa, ndipo namwino anamuuza kuti bipi yatsika, koma mankhwala asasiye.

Tsiku limene Thandiwe anakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, Luwiza analowa m'nyumba n'kulira yekha. Iye pamsinkhu umenewo analibe munthu woti n'kumutchula kuti amayi.

Patatha zaka ziwiri, achibale anagwirizana zomanga chiliza pamanda a Dickson. Mkulu wake wa malemuyo, a Benedicto, anabwera kuchokera ku Chiosya kudzakonza mwambo. Anali munthu wathupi, wopuma mwaphuma akayenda pang'ono. Anaima pakhola, pamene tsopano panali mbuzi zinayi.

"Alamu, mbuzi yaikuluyi ndi ya malemu. Tipha imeneyi."

"Pepani alamu, pamoto panga sipaphikidwa nyama. Anthu adya, ndipo akhuta. Ndikonza ndekha."

"Mwati bwanji? Mng'ono wanga ankadyetsa nyama msika wonse, lero timumangire chiliza ndi masamba? Mukufuna mudzi utiseke? Kapena kwanu ku Phalombe maliro mumawanyoza chonchi?"

Luwiza anagwada, koma sanasinthe mawu. A Benedicto anachoka akupukusa mutu, atanena kuti ngati ndi choncho mlamu wawoyo akafotokoze yekha pamaso pa anthu.

Tsikulo litafika, mapemphero atatha kumanda, anthu anakhala pabwalo. Amayi anatulutsa mbale za nkhwani wotendera, chipere, nyemba ndi futali. Amuna ankatsegula mbale iyi, kutsegula iyo, n'kumayang'anana. Wina anafunsa mokweza ngati ndiwo zikubwera pambuyo.

Luwiza anapempha mkulu wa mpingo kuti amulole kulankhula. Anaima pakati pa bwalo atanyamula bakuli lija. Chimene ankaopa kwambiri si khamu la anthu, koma Thandiwe, amene anakhala patsogolo ndipo sankadziwa kanthu.

"Abale, bakuli ili ndi limene ndinkapititsira chakudya kuchipatala. Anamwino anandiletsa kuwapatsa nyama yonona ndi mchere. Ine ndinkaika nyama pansi, pamwamba n'kuphimba ndi nkhwani, masiku khumi ndi awiri. Ndinkati ndikuwakonda bambo a Thandi. Matenda amene anawatenga nanenso ndili nawo, ndipo ndikufuna ndimulere mwanayu mpaka akule. Lero ndakupatsani zimene ndinayenera kuwapatsa iwo."

Thandiwe anadzuka. Luwiza anatseka maso, poganiza kuti mwana akuchoka. Koma mtsikanayo anabwera n'kulandira bakuli lija m'manja mwa mayi ake.

"Khalani pansi amayi, mwaima nthawi yaitali."

Kumbali ya amayi kunamveka kulira. Anali a Ivy, akazi awo a Benedicto. "Inenso ndimatero," anatero akusisima. "Bambowa anawaletsa chaka chatha. Akandiyang'ana ndimawamvera chisoni, ndiye ndimawakazingira." A Benedicto anazyolika.

Sindikuuzani kuti mudzi wonse unasintha tsiku limenelo, lingakhale bodza. Ena anachoka osadya. Ena kwa miyezi ankamuloza Luwiza kuti ndi uja anapha mwamuna wake, ndipo mawu amenewo ankamufika. A Benedicto anatha chaka osaponda pakhomo pake.

Koma Lachinayi lotsatira a Ivy anatsika panjinga ya kabaza ndi amayi ena awiri, kudzafunsa kaphikidwe ka chipere chija. Sabata inayo anabwera asanu. Mutu umodzi susenza denga, choncho anapangana zokumana Lachinayi lililonse kudimba kwa Luwiza.

Lero gululo lili ndi anthu opitirira makumi atatu, amuna asanu ali momwemo. Amaphika limodzi chakudya chopanda nyama, amagawana mbewu za bonongwe, luni ndi khobwe, ndipo nthawi yofutsa amafutsa pamodzi n'kupatsako okalamba. Kamodzi pamwezi amaitana wazaumoyo kudzawayeza bipi. Ena anasiyiratu nyama, ena anangochepetsa, ndipo palibe amene amaseka mnzake. Kukakhala wodwala m'mudzi, Luwiza amapita yekha kukacheza ndi womusamalira, n'kumuuza nkhani ya bakuli popanda kubisa kalikonse. Imamuwawabe nthawi iliyonse akamaifotokoza.

A Benedicto ali moyo. Amadya nkhwani akudandaula, koma amadya.

Chaka chino Thandiwe, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anasankhidwa kukaphunzira za uphunzitsi. M'mawa wa ulendo wake anapempha kuti kamba wa panjira amuikire m'bakuli lomwe lija. Luwiza anazengereza, koma anamuikira futali ndi nyemba. Ali pamsewu kudikira minibasi, mtsikanayo anatsegula chivundikiro, n'kuyang'ana mayi ake ndi diso lanthabwala.

"Pansi mwaikapo chiyani, amayi?"

Luwiza anaseka, misozi ikutsika. "Za pamwambazo ndi zomwe zili pansi, mwana wanga."

Minibasi inanyamuka, iye n'kutsala ataima m'mbali mwa msewu, akubayibitsa mpaka fumbi linatha. Mwana wake wakula ali ndi mayi.

Mwina nanunso pali chimene munalakwitsa chifukwa cha chikondi, ndipo amene munamulakwirayo simungamupepesenso. Lirani, palibe cholakwika. Koma mukatha kulira yang'anani amene watsala, chifukwa akukufunani amoyo. Achipatala akakuuzani za kadyedwe, mverani, imwani mankhwala anu, ndipo musachite manyazi ndi ndiwo za kudimba kwanu ngakhale anthu aseke. Dimba loyamba likauma, bzalani lachiwiri. Lachiwiri mbuzi ikadya, mangani khola. Osataya mtima, pakuti pali wina amene akufuna kudzakutchulani kuti amayi kapena abambo mawa.