Mivi ya a Kenani ikugwera mu udzu

Loweruka pa 14 Ogasiti 2021, a Kenani, mkulu wa zaka 71 amene anagwira ntchito yoyeza malo ku Malawi zaka makumi atatu ndi zinayi, anachotsedwa pa mzere wa akatswiri ku kalabu yoponya mivi. Anawachotsa ndi a Katherine, mayi woyang'anira bwalo, pamaso pa anthu, ndiponso mwaulemu, ulemuwo n'kumawawa kuposa chipongwe. Mlandu wake unali woti mivi isanu ndi umodzi yonse inazika mu udzu, chandamale cha pa mamita 50 chili phee. Anawatumiza ku mzere wa ophunzira, pa mamita 20, mpaka ataonetsa kuti akufika.

A Kenani anabwera ku Perth mu Febuluwale 2020 kudzaona mwana wawo Felesta, namwino ku Nedlands. Ulendo unali wa miyezi itatu. Mliri utatseka malire anangokhala, n'kuyamba kukangana ndi TV. Felesta anawagulira uta kuti mkwiyowo uzikathera panja. Pambuyo pake anawagulira kamakina koyezera mtunda, kamene umaloza pa chinthu n'kukuuza mamita. Anakalandira ngati wapatsidwa ndodo yoyendera asanapemphe.

Malo ophunzirira anawapeza ku Welshpool, kuseri kwa shedi ya Musonda, wowotcherera zitsulo wa ku Chipata. Lamlungu kulibe anthu, bwalo n'lalitali. Mtunda anayeza okha ndi miyendo, monga ankachitira m'tchire la ku Mchinji tcheni yoyezera ikatsalira m'galimoto. Sitepe yawo inali masentimita 80, anaiyeza mu 1974, ndipo ku ofesi ankalumbirira. Masitepe 62 ndi theka ndiwo mamita 50. Anaika chandamale pamenepo, nakonza saiti, kagalasi koyang'anira kamene kamakwera ndi kutsika pa uta, mpaka mivi yonse izilowa pakati. Pa saitipo analembapo 50 ndi cholembera chosafufutika.

Kamakina kaja atakaloza kanati 44. Anakabweza m'thumba, nati zopangidwa mothamanga n'zotero.

Ndiye ku Welshpool anali katswiri, ku kalabu mlimi wobzala mivi. Anayamba kufufuza wolakwa. Saiti anaimasula, kuipukuta, kuimanganso. Kachitsulo kotsamirapo muvi anakakweza pang'ono, mivi inayamba kuvina m'mwamba. Anakatsitsa, nthenga zinayamba kusosoka. Anasintha chingwe. Mivi anaiyeza kulemera pa sikelo ya Felesta yophikira makeke, umodziumodzi, atavala magalasi awiri. Zonse zili bwino. Pamenepo anazindikira choona: bwalo la kalabu ndilo lalitali. Analembera komiti kalata ya masamba atatu, ndi maudindo awo onse pansi pa dzina, kuti akuponyetsa anthu mamita 57 n'kumati 50. Sabata yotsatira analembanso yachiwiri yofunsa za yoyamba ija.

Lamlungu lina Musonda anawapeza akuwerenga masitepe mokweza mawu.

"Ba mudala, nibwelese tepi? Nili nayo ya fifite."

"Tepi n'njachiyani? Ine ndinayeza msewu musanabadwe inu."

"Sinikana. Manje uja museu unali na ma knee ya chinyamata."

A Kenani anati abweretse, kuti wamng'onoyo achite manyazi. Musonda anakhoma msomali pa mzere, nakoka tepi mpaka pa chandamale. Anawerama, nakhala kanthawi osadzuka.

"Werengani, mukuopa chiyani?"

"Forty-four, ba mudala."

"Yatanuka ndi dzuwa."

"Ni ya simbi iyi, chitsulo chenicheni. Komanso ikatanuka, siingafike mamita sikisi..."

"Ndikudziwa zimene zimachitika ikatanuka!"

Anayendanso okha m'mbali mwa tepiyo, chifuwa patsogolo, kutambasula miyendo mpaka chiuno kulira. Sitepe ya 62 inawasiya pa 46. Atayenda mwa masiku onse inawasiya pa 44. Masentimita khumi anali atachoka pa sitepe iliyonse, osatsanzika, osalemba kalata. Musonda anayamba kufunafuna kanthu m'bokosi la zida, mapewa akugwedezeka.

Kukonza kwake kunatenga mphindi makumi awiri basi. Anasuntha chandamale, nasuntha saiti, nafufuta 50 uja ndi mpeni. Loweruka lotsatira anapempha kuyesedwa, mivi isanu inalowa, umodzi unakhudza m'mphepete. A Katherine anati abwerere pa mzere wawo. Kenaka anawapatsa envelopu: komiti, polemekeza ukatswiri wawo, inayezadi bwalo lonse ndi anthu anayi, mvula ikuwaza, nipeza mamita 50 ndendende. Imafunsa ngati ali ndi mawu ena. A Kenani anati alemba. Mpaka lero pepala lake lili ndi deti lokha.

Madzulo ake Felesta anawatenga pa galimoto akuchokera ku ntchito, masiki ali lende pakhosi. Anamufotokozera zonse ngati nkhani ya munthu wina, kuyembekezera kuti adabwe. Sanadabwe.

"Adadi, mukuganiza kuti kamakina kaja ndinagulira chiyani?"

"Unati ndi mphatso ya tsiku lobadwa."

"Inalidi mphatso. Koma tikamayenda kumtsinje kuja, ine ndimachedwetsa mapazi kuti tizifanana. Kale munkandisiya m'mbuyo ndikulira."

"Ndiye umadziwa."

"Ndine namwino, adadi. Anthu akamayenda ndimaona."

A Kenani anayang'ana panja. Anaganiza za anthu anayi aja akukoka tepi pamvula, za maudindo aja pansi pa dzina, za Musonda amene pofika pano nkhaniyi waifikitsa kutchalitchi konse. Mkwiyo unabwera, koma unasowa pokhala, chifukwa wolakwa anali m'thalauza lawo lomwe. Komabe munthu sangalembere kalata miyendo yake.

"Imitsa galimoto, Felesta."

"Pano sitiima, adadi."

"Ndiye yankha ukuyendetsa. Unaona mwezi uti? Ndipo unandisiyiranji kulemba makalata awiri, iwe n'kumandigulira masitampa? Ndikufuna yankho."