Mpeni umene unabwera pa chapa

Achimwene anabwerera kwathu ku Majaua chaka chimene nandolo anabereka mpaka nthambi kukhudza pansi. Ndi mlongo wanga wotsiriza, ndipo ndine ndinawalera kumsana mayi athu akapita kumunda. Anakhala pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi. Kumeneko anaumba njerwa, namanga nyumba ya malata, nabzala mango ndi nthochi, nabereka ana atatu. Kenako mlamu wanga anakondana ndi mwamuna wina, wogula chimanga n'kumakachigulitsa kutsidya kwa malire, ndipo abale a mkaziyo anauza achimwene kuti banja latha, azipita kwawo. Kwathu kuno ndi momwemo, nyumba ndi ana zimatsala kuchikazi. Anafika pakhomo panga ndi njinga, khasu, chikwanje ndi kathumba ka zovala. Mwezi usanathe tinamva kuti mwamuna uja walowa m'nyumba ya malata ija, ndipo wapachika sikelo yake ya chimanga pa mango amene achimwene anabzala.

Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Ankalawirira kumunda kwanga, n'kubwerako dzuwa litapendeka, kudya pang'ono, kukhala pakhonde. Ku Misa anasiya kupita. Ndikatenga kolona kuti ndipemphere sankachoka, komanso sankayankha. Ine ndinkaona ngati kufatsa kumeneku ndi kupirira, moti kumphakati ndinaimirira kuthokoza Mulungu kuti wapatsa mlongo wanga mtima wodekha. Malembo ndinkawawerenga tsiku ndi tsiku, ndipo sabisa kuti za mumtima mwa munthu amazidziwa ndi amene anaulenga yekha, koma ine ndinkadziyesa wodziwa.

Patatha miyezi itatu anandiuza kuti akufuna kuyamba kuzinga mbuzi n'kumagulitsa nyama pamsika wa Loweruka, ndipo akufuna mpeni wabwino. Ndinasangalala ngati munthu amene m'bale wake wadzuka pamphasa ya matenda. M'mawa mwake tinakwera chapa, minibasi yathu ija, kupita ku vila, tauni ya Milange.

Kuseri kwa msika wa kumeneko kuli loja, sitolo yaing'ono ya bambo ena achikulire, a ng'ala m'diso limodzi. Amagulitsa makasu, misomali, maloko ndi mipeni. Mipeni saiika poyera, imakhala m'kabati kumbuyo kwawo. Ukaufuna amayamba akufunsa ntchito yake, kaya ndi wosendera chinangwa, wotumbulira nsomba kapena wodulira kabichi. Akatero amatulutsa iwiri kapena itatu, n'kukusiya kuti uigwire iwo akukuyang'ana. Ukasankha amaukulunga m'nyuzipepala, kunsonga n'kuvekako kachidutswa ka katoni, ndipo pokupatsa amalozetsa chigwiriro kwa iwe. Zonsezi zimadya nthawi, mitengo yawonso si yotsika. Ine ndinali nditayamba kale kuwaona ngati munthu wotsalira.

Chimene chinanditukumula ndi foni. Mwana wanga wa ku Quelimane ananditumizira foni yaikulu, n'kundilowetsa m'gulu lina la malonda. M'menemo anthu a ku Nampula amaika zithunzi za katundu, iwe n'kusankha, kulipira pafoni pomwepo, katunduyo n'kubwera ndi woyendetsa chapa. Ndinali nditagulamo mapoto, nsalu za makapulana ndi nyali ya sola, ndipo amayi anzanga ankabwera kudzandipempha kuti ndiwaitanitsire zawo. Munthu amene sindinapitirire kalasi yachinayi, ndinkamva kukoma kufunsidwa nzeru.

"Wa ntchito yanji, bambo?" anafunsa eni loja aja.

"Mbuzi," anatero achimwene.

Anatulutsa mipeni itatu n'kuiyala patebulo. Ine maso anali pa maloko, moti sindinaone bwino zimene achimwene ankachita. Ndinangomva bambo aja akufunsanso kuti mbuzizo azikazigula kuti, nanga kusenda chikopa anawaphunzitsa ndani. Nditacheuka ndinaona bambo aja akusonkhanitsa mipeni ija pang'onopang'ono, n'kuibwezera m'kabati, n'kutseka. Anati akumbukira kuti imeneyi anthu ena anaigwiriratu, tidzabwerenso mwezi wamawa.

Linali bodza, ndipo ndinalidziwa. Ndinaganiza kuti atipeputsa chifukwa cha fumbi la kumudzi limene linali m'mapazi mwathu ndi jekete yong'ambika ya achimwene.

"Kodi ndalama za kumudzi zimanunkha, bambo?"

"Mayi, wosendera chinangwa ndikupatsani pompano, ngakhale iwiri. Iyi ayi."

"Ndiye muidye ndi mchere. Masiku ano sitikugwadiraninso."

Anthu awiri amene anali pakhomo anaseka, ine n'kutuluka mutu uli m'mwamba.

Podikira chapa achimwene anagula mandasi atatu n'kudya onse, chinthu chimene ndinali ndisanachione chibwerere chawo. Ndikukumbuka kuti anafunsa za mwana wanga wa ku Quelimane uja, ngati akadali kuimba kwaya. Sindinawayankhe bwino, ndinali pafoni, mkwiyo usanathe. Ndinapeza munthu wogulitsa mipeni yaitali yokhala ndi kachikwama kake ka m'chiuno, pamtengo wotsika kuposa wa m'loja. Ndinawaonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Zisiyeni, achemwali. Mwina si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi ino. Munthu wamkulu ngati inu akubwezeni ngati mwana wotumidwa machesi?"

Ndinakakamira njira yonse. Ndinati mdyerekezi ndi amene amafooketsa munthu akafuna kudzuka. Mawu amenewa ndinawanenadi, ndi pakamwa pomwepa pamene ndimalandirira Ukaristia. Titadutsa mlatho wachiwiri analoza ndi chala umodzi mwa mipeniyo. Wogulitsayo anandifunsa zinthu ziwiri zokha: chigwiriro chakuda kapena chofiira, ndi nambala ya munthu wolandira. Ndinapereka nambala ya kafoni ka achimwene, popeza mpeni unali wawo. Nditalipira ananditumizira kachithunzi ka manja opemphera.

Masiku otsatirawo achimwene anabwerera ku chete wawo uja. Ndinawafunsa kuti mbuzi yoyamba akagula kwa yani, anati aona. Sanafunse za malo pamsika, sanafunefune beseni, mbedza kapena chingwe. Munthu woyamba malonda a nyama amadzaza nyumba ndi nkhani za mitengo, koma iwo ankangotulutsa kafoni kawo m'thumba, kukayang'ana, n'kukabwezera. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, koma sindinazizindikire.

Tsiku lachinayi ndinapitanso ku vila kukagula makandulo a tchalitchi chathu. Ndikanatha kubwerera nditangogula, koma miyendo inanditengera kuseri kwa msika, kuti ndikawaonetse bambo aja kuti dziko linawasiya m'mbuyo. Ndinaika foni patebulo pawo, chithunzi chili poyera. Anaibweretsa pafupi ndi diso lawo labwinolo, ndipo sanakwiye monga ndinkayembekezera. Anafunsa ngati mpeniwo wafika kale. Ndinati ufika lero kapena mawa.

"Khalani pansi, mayi," anatero, akundikokera mpando. "Munthu wa mbuzi akagwira mpeni amayesa mbali yakuthwayi. Amapalirapo chala, ena amameta ubweya wa pamkono. Mlongo wanuyo mbali imeneyi sanaikhudze n'komwe. Anagwira nsonga. Kenako anautenga n'kuuyeza ndi mkono wa jekete, kuona ngati ungabisike."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire tsiku lomwelo. Anati ndinali kukalipa, mwini wakenso anali pomwepo. Ankaganiza kuti mwezi ukatha mtima wa munthuyo udzakhala utazizira, monga zinachitikira ndi ena amene anawabwezapo. Za foni sanaziganizire. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti nawonso akudziimba mlandu.

Ndinaimbira wogulitsa uja. Anati katundu ananyamuka kale, n'kundipatsa nambala ya woyendetsa chapa. Woyendetsayo anati phukusi walipereka m'mawa pamsewu wa ku Majaua, kwa bambo wa jekete, ndipo anafunsa ngati pali chimene chasoweka. Foni ya achimwene inali yozima. Chapa yobwerera inali ndi anthu atatu okha, ndipo sinyamuka isanadzaze. Ndinasiya makandulo m'loja muja n'kukwera njinga yamoto. Njira yonse ndinkapemphera, koma silinali pemphero loyalika. Ndinkangobwereza kuti Ambuye agwireni dzanja, Ambuye agwireni dzanja, fumbi likulowa m'kamwa.

Pakhomo panali zii. Katoni ya phukusi lija inali pakhonde, yopindidwa bwinobwino, ataikapo mwala kuti isauluke. Khasu ndi chikwanje zinali pamalo pake. Njinga panalibe.

Ndinauza wa njinga yamoto uja kuti tipitirire kumudzi kwa mlamu wanga. Tisanafike tinakumana ndi anthu akubwera chothamanga, atanyamula munthu pamachira a nsungwi, kulowera kuchipatala. Mlamu wanga anali pambuyo pawo, wopanda mpango kumutu. Anandiyang'ana osaima. Pamachirapo panali wogula chimanga uja, ndipo anamwalira asanafike naye kumsewu waukulu. Achimwene ndinawapeza atakhala pansi patsinde pa mango, manja atamangidwa ndi chingwe cha thumba, nkhope itatupa ndi zibakera. Anthu anati sanathawe, anangokhala pansi n'kudikira. Ana awo atatu anaona zonse ali pakhonde.

Apolisi atafunsa kumene mpeni unachokera, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa. Analemba, nandibwezera, nati ine ndilibe mlandu, kugula mpeni si kulakwa. Amayi a kumphakati anateronso. Ankati m'nyumba iliyonse muli mpeni, ndipo achimwene chikwanje anali nacho kale. Ngakhale ansembe, nditakalapa, anandiuza mofatsa kuti tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna, ndipo ine sindinadziwe. Anandimasula ku kunyada kwanga ndi mwano umene ndinachitira bambo achikulire aja, n'kundipatsa mapemphero ochepa. Mawu awo ndinawalandira, chifukwa chifundo cha Mulungu sindichikayika. Koma chikwanje chimenecho chinakhala pakhonde panga miyezi itatu, mipeni yanga ya kukhitchini ilinso poyera, ndipo sanachigwire kupatula podula nkhuni. Ndinkadzifunsa chimene munthu wokhala ndi zonsezi anapitira kutali, kukaima pamaso pa munthu wina n'kupempha.

Achimwene anawatsekera m'ndende ya ku Mocuba. Ulendo woyamba kukawaona ndinatenga ufa, nyemba ndi sopo. Anali ataonda, tsitsi atameta. Tinakhala pabenchi, mlonda wa ndende ali chapatali. Anafunsa za ana, ndipo ndinawauza zoona: kuti mlamu sandilola kufika, kuti mwana wamkulu anasiya kulankhula ndi anthu ndipo kusukulu sapitanso, kuti maliro anakaika kutsidya, ndipo malemuyo anasiya mayi wokalamba amene ankamudalira. Anamvetsera zonse osaphethira. Kenako ndinafunsa funso langa lija, chifukwa chimene sanatengere za pakhomo.

Anati sakanatha kugwiritsa ntchito mpeni umene ndimadulira ndiwo, kapena chikwanje chimene ana awo anachigwirapo. Anati tsiku lililonse ankadziuza kuti akapeza mpeni wina, wosadziwa munthu aliyense, ndiye kuti zaloledwa, akapanda kuupeza ndiye kuti ayi. Ankamuyesa Mulungu, ndipo ankadziwa kuti akumuyesa.

"Bambo aja atatseka kabati, achemwali, ndinamva ngati anditula thumba la chimanga pamutu. Ndinati basi, ndakanizidwa. Tsiku limene lija ndinali nditazisiya."

Analekera pomwepo. Ataona nkhope yanga anafulumira kunena kuti si ine, dzanja linali lawo, ndisamaganize zimenezo. Ananena kawiri. Panjira ndinali nditakonza zoti ndiwauze kuti tipemphere, koma sindinatero. Ndinaopa kutchula dzina la Mulungu kwa munthu amene ndinamukankha ndi mawu a chikhulupiriro. Mlonda uja anayamba kuyandikira. Ndi achimwene amene anayamba pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa, motsitsa mawu, mopunthwapunthwa ngati munthu amene analisiya kalekale, ine n'kutsatira pambuyo. Titafika pamene timapempha chikhululukiro n'kulonjeza kukhululukira anzathu, mawu awo anathera pakhosi. Ndinadikira kuti apitirize, iwonso ankadikira ine. Mlonda anagogoda benchi, nati nthawi yatha.