Diso la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a akulu anga, anali kalipentala wa mipando yosagulika. Shedi yawo inali kuseri kwa msika, pafupi ndi ngalande, ndipo mipandoyo tinkakhalira ndife abale tikapita kukacheza. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, ana anuwa akalamba musanawakwatitse." Iwo ankangomwetulira, pensulo ili kukhutu.

Njala itawafika pakhosi, anagwada mu utuchi n'kupempha Mulungu kuti awatumizire ogula. Chaka chomwecho m'tauni munagwa matenda. Kunabwera munthu kudzafunsa ngati angamukhomere bokosi la maliro, kenaka wina, kenaka mzere. Za mipando zinathera pomwepo. Nyumba inafoleredwa malata atsopano, ana anapita kusukulu zabwino, akulu anga ananenepa mpaka madiresi kuwakana.

Koma alamu chumacho sichinawakomere. "Ndinapempha ndine," ankatero, "ndipo sindinanene kuti ogula chiyani." Ine ndinkawakalipira kuti Mulungu sangaphe tauni yonse pofuna kudyetsa kalipentala mmodzi, koma ndinkangotaya malovu.

Choopsa chinali diso lawo. Ntchito inawazoloweza kuyeza munthu pongomuyang'ana, utali wake, mapewa ake, matabwa omukwana, ndipo disolo silinkasankha wakufa kapena wamoyo. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo atatsinzina, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso. Anthu ankawatama kuti ndi munthu wa mapemphero. Pemphero lake linali limodzi lokha: "Ambuye, ndichotsereni diso ili."

Akulu anga atadwala, alamu anagula mankhwala onse amene dokotala anatchula. Koma kuchipinda ankalowa ataweramitsa mutu, n'kumalankhula ndi mwendo wa bedi. Wodwazika ndinali ine, ndipo zinkandiwawa mumtima, chifukwa akulu anga ankaganiza kuti amuna awo akunyansidwa nawo. Akamva mapazi awo pakhonde ankandinong'oneza kuti ndiwapese tsitsi msanga.

Masana ena akulu anga anatopa nazo.

"Bambo, kodi ndaipa chonchi?"

"Ayi, mayi."

"Nanga bwanji simundiyang'ana?"

Alamu anati, "Ndikuopa kukuyezani."

Akulu anga anaseka mpaka kutsokomola. "Yezani, nanga bokosi mukandigulira kwa wina? Koma mundiyang'ane ndikadali ndi maso okuonerani."

Alamu anadzutsa mutu. Anakhala pamphepete pa bedi, awiriwo akuyang'anana mpaka dzuwa linapendeka. Ine ndinakalirira kukhitchini. Pasanapite nthawi akulu anga anatisiya.

Bokosi alamu anakhoma okha, osalola aliyense kugwira ngakhale msomali. Titawagonekamo, linali lalitali mopitirira, kumapazi kunatsala malo oti tinachita kudzazamo zovala zawo. Munthu amene chiyambire ntchitoyi anali asanaphonyepo! Azimayi amene tinali m'chipindamo tinayang'ana kumbali, poganiza kuti bamboyo achita manyazi.

Alamu anapisa dzanja m'malo otsalawo, nalisiya momwemo kanthawi. Kenaka anagwada pansi, maso ali chitsegulire, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Zikomo, Ambuye," anatero. "Ndinaona nkhope yokha."